Mkango Wovala Chisoti: Nthano za Nyama m'Zithunzi ndi Nkhani ya Ulamuliro

Mau Oyamba

Nthano ya pakamwa siveka nyama zake zovala. Agogo akamasimba za Kalulu ndi Mkango madzulo, ana atazungulira moto, sanena ngati mkangowo udali ndi chisoti pamutu, kapena ngati udakhala pa mpando pamene nyama zina zidakhala pa dothi. Iwo angoti mkango ndiwo mfumu ya nyama, ndipo womvera aliyense adzipangira yekha mumtima mwake nkhope ya mfumuyo. Wina aona nyakwawa ya m'mudzi mwao, wina kapitao wa kuntchito, winanso mphunzitsi waukali. Wosimba sadatchule munthu ndi dzina, motero palibe amene angamgwire pakamwa.

Wojambula zithunzi alibe pothawira potere. Iye akagwira cholembera ayenera kugamula zinthu zimene wosimba adazisiya m'malere. Kodi mkango uima ndi miyendo inai kapena iwiri? Uvala chiani? Ndani akhala pamwamba pa tsamba, nanga ndani agwada m'munsi? Nkhandwe ikamalankhula, ivala mkanjo wa woweruza, wa mlaliki, kapena nsanza za wopemphapempha? Mayankho a mafunso amenewa sapezeka m'nkhalango. Wojambula amawatenga m'dziko la anthu m'mene iye mwini akhala, momwe muli mafumu ndi akapolo, eni minda ndi aganyu, oweruza ndi oweruzidwa.

M'nkhani ino tifuna kuonetsa chinthu chimodzi, chakuti chovala ndi malo zimene wojambula apatsa nyama iriyonse ndizo ziulula mbali imene iye waima pa nkhani ya ulamuliro. Nthano imodzimodzi ikhoza kujambulidwa monyodola wamphamvu, momsangalatsa, kapenanso mophunzitsa wosauka kuti usiwa wake ndi chibadwa. Zitsanzo zathu tizitenga ku Egypt wakale ndi ku maiko a ku Ulaya, kumene mwambo wojambula nthano m'mabuku udakula ndi kukhazikika.

Chinenero cha Opanda Mphamvu

Wolemba mbiri wa Chigriki, Herodotus, atiuza kuti Aesop, amene dzina lake lidamatirira ku nthano za nyama, adali kapolo pa chilumba cha Samos zaka zoposa 500 Kristu asanabadwe. Phaedrus, amene adalemba nthanozi m'ndakatulo za Chilatini m'zaka zoyambirira za Chikristu, nayenso adali kapolo womasulidwa wa m'nyumba ya mfumu Augustus. Iyeyu adafotokoza poyera chiyambi cha nthano zotere. Kapolo, adatero, sankatha kunena za kukhosi kwake poopa chilango, tsono ankazibisa m'tinkhani toseketsa. Nthano yoyamba m'buku lake ndi ya mmbulu ndi mwana wa nkhosa. Awiriwa akumana pa mtsinje, mmbulu kumtunda, mwana wa nkhosa kumunsi. Mmbulu umimba mlandu wakuti wavundula madzi. Mwana wa nkhosa ayankha mwaulemu kuti madzi sayenda chokwera. Mmbulu upeka mlandu wina, uwonso ugwa, ndipo potsiriza ungomudya. Phunziro lake ndi lowawa: pamaso pa wamphamvu wanjala, kukhala wosalakwa sikupulumutsa.

Koma zithunzi za mtundu uwu ndi zakale kuposa Aesop. Ku Egypt, pafupi ndi mzinda wa Thebes, kudali mudzi wa amisiri amene ankakumba ndi kukongoletsa manda a mafumu, umene lero utchedwa Deir el-Medina. Pa zibenthu za miyala ndi pa mapepala a gumbwa a nyengo imeneyo, zaka zoposa 1,000 Kristu asanabadwe, tipeza zithunzi zodabwitsa. Mbewa yovala bwino yakhala pa mpando, mphaka waimirira pamaso pake ngati wantchito, akuikupiza ndi kuipatsa chakudya. Pa pepala limene lisungidwa ku British Museum ku London, mkango ukusewera masewera a pa thabwa ndi mphoyo, ndipo mphaka akuweta atsekwe. Pa lina la ku Turin, mfumu ya mbewa yakwera galeta lankhondo lokokedwa ndi agalu, ikuthira nkhondo linga la amphaka. Kakhalidwe ka mbewayo pa galeta ndi komwe kaja kamene amisiri ankajambula nako Farao pa makoma a akachisi.

Akatswiri sagwirizana za cholinga cha zithunzizi. Ena ati zidali zoseketsa chabe, ena ati ziri zotsala za nthano zimene mau ake adatayika. Chodziwika nchakuti amisiri a m'mudzi umenewu sadali anthu ongokhala chete. M'chaka cha 29 cha ulamuliro wa Ramesses III adanyanyala ntchito chifukwa tirigu wa malipiro ao adachedwa, ndipo uku ndi kumodzi mwa kunyanyala kwakale kwambiri kumene mbiri idalemba. Anthu amene masana ankajambula mfumu ngati mulungu ankadziwanso kuijambula ngati mbewa. Ife tikati Kalulu adatuma njovu, timanena ndi ulemu, popepesa kwa wamkulu amene tamtuma. Amisiri aja adajambula dziko lonse litatembenuzika chotero, ndipo poseka adaonetsa kuti mpando ndi chokupizira ndizo zipanga bwana, popeza ngakhale mbewa ikapatsidwa zimenezi ioneka ngati mfumu.

Nkhandwe pa Gome

Ku Ulaya, m'zaka zapakati, malo a nthano za nyama adali m'mphepete. Chitsanzo chotchuka ndi nsalu yopetedwa ya ku Bayeux, yotalika pafupifupi mamita 70, imene isimba za kugonjetsedwa kwa England ndi William wa ku Normandy mu 1066. Pakati pa nsaluyo pali mafumu, zombo ndi akavalo. M'mizere ya m'mphepete muli khwangwala amene nkhandwe idamnyenga, ndiponso mmbulu uja ndi mwana wa nkhosa. Akatswiri ambiri akhulupirira kuti nsaluyi idapetedwa ku England komweko, ndi manja a mtundu wogonjetsedwa, polamulidwa ndi ogonjetsa. Mpaka lero pali mtsutso wakuti wonyenga m'tinthanoti ndi yani, Harold kapena William. Nthano ya m'mphepete imaloza chala, koma imasiya woonerera kuti anene yekha kumene chalacho chaloza.

Cha m'ma 1150 ku Ghent kudalembedwa ndakatulo yaitali ya Chilatini yotchedwa Ysengrimus, m'mene mmbulu wadyera uli mmonke. Kuyambira m'zaka za m'ma 1170 ku France kudabuka nkhani za nkhandwe yotchedwa Renart, kapena Reynard. Zidatchuka kotero kuti dzina la nkhandweyo lidakankha liu lakale la Chifalansa, goupil, ndipo mpaka lero nkhandwe iriyonse itchedwa renard. M'nkhanizi nyama zagawidwa monga momwe anthu a nthawi imeneyo adagawidwira. Mkango ndi mfumu, mmbulu ndi chimbalangondo ndi nduna zamphamvu, nkhosa yamphongo ndi wansembe wa kunyumba ya mfumu, ndipo nkhuku ndi akalulu ndi anthu wamba amene ntchito yao ndi kudyedwa ndi kukadandaula. Awerengi athu aone kusiyana apa: kwathu kuno Kalulu ndiye wochenjera amene apusitsa akuluakulu, pamene m'nkhani za Reynard kalulu ndi wofatsa amene nkhandwe imupha nitumiza mutu wake kwa mfumu m'thumba.

Chodabwitsa nchakuti nkhandwe imeneyi idalowa m'matchalitchi. Pansi pa mipando yopindika ya ansembe ndi amonke oimba mapemphero, amisiri ankasema tizithunzi. M'tchalitchi chachikulu cha ku Ripon ku England, pa mipando yosemedwa cha m'ma 1490, nkhandwe yaima pa gome ikulalikira kwa tsekwe ndi tambala. Ku Brent Knoll, m'chigawo cha Somerset, matabwa atatu a m'mbali mwa mabenchi asimba nkhani yonse. Pa loyamba nkhandwe yavala chisoti ndi zovala za mkulu wa Eklezia, ndodo ya ubusa iri m'manja, mbalame zikumvetsera. Pa lachiwiri yavulidwa, yamangidwa m'matangadza. Pa lachitatu atsekwe akukoka chingwe, nkhandwe yanyongedwa. Anthu a kumeneko amati chithunzichi chinkanena mkulu wa amonke a ku Glastonbury, amene ankakangana naye pa za chuma cha parishi.

Si onse adakondwera ndi nyama m'nyumba za Mulungu. Cha m'ma 1125 Bernard Woyera wa ku Clairvaux adadzudzula anyani, mikango ndi zilombo zosemedwa m'makonde a amonke, poti zinkachotsa mtima pa kusinkhasinkha ndi kuononga ndalama zimene zikadathandiza osauka. Komabe zosemazo zidapitirira kwa zaka mazana ambiri, ndipo adalipira amisiriwo ndi akuluakulu a Eklezia omwe. Tiyenera kuzindikira chimene mmisiri adachita pamenepa. Mau akuti wochenjera amanyenga opusa sapweteka munthu aliyense. Koma mmisiri ataiveka nkhandwe chisoti cha episkopi, nthano idaleka kukhala ya wina aliyense, nikhala ya gulu limodzi lodziwika, ndipo gululo linkakhala pamwamba pa chithunzicho tsiku ndi tsiku poimba masalmo. Mneneri Ezekiele, m'mutu 34, adadzudzula kale abusa odyetsa mimba zao m'malo modyetsa nkhosa. Mmisiri wosaphunzira Chilatini adalalikira mutu womwewo ndi sompho.

Bwalo la Mkango

Makina osindikizira atafika, nthano zidachoka m'mphepete nizikhala pakati pa tsamba. Cha m'ma 1476 ku Ulm ku Germany, sing'anga Heinrich Steinhöwel adatulutsa nthano za Aesop m'Chilatini ndi m'Chijeremani, ndi zithunzi pafupifupi 200 zosemedwa pa matabwa ndi kudindidwa. William Caxton adasindikiza Reynard m'Chingerezi mu 1481 ndi Aesop mu 1484. Kuyambira pamenepo ngakhale wosadziwa kuwerenga adatha kutsegula buku ndi kuona mkango utavala chisoti. Ndipo eni chisoti sadachedwe kuzindikira kuti chida chimenechi nchabwino kuchigwira okha.

Jean de La Fontaine adatulutsa nthano zake zoyamba 124 mu 1668, ndi zithunzi za François Chauveau, nazipereka kwa mwana wa mfumu Louis XIV, amene adali ndi zaka 6. Wolembayu ankadziwa ukali wa mkango, pakuti Nicolas Fouquet, nduna ya chuma imene inkamsamala, idamangidwa mu 1661 nifera m'ndende. M'buku lake la 1678 muli nthano ya nyama zogwidwa ndi mliri. Mkango uitanitsa msonkhano kuti wochimwitsitsa aperekedwe nsembe. Iwo uvomera kuti udadya nkhosa zambiri, nthawi zina ndi mbusa yemwe, koma nkhandwe iuyankha kuti nkhosazo zidalandira ulemu podyedwa ndi mfumu. Bulu aulula kuti tsiku lina, ali ndi njala, adabudula udzu pang'ono m'dambo la amonke, ndipo bwalo lonse ligamula kuti mliri wadza chifukwa cha iyeyo. Nkovuta kupeza chithunzi china cholongosoka chotere cha bwalo lokondera.

Tsono taonani chimene ulamuliro udachita ndi nthano zoterezi. M'zaka za m'ma 1670, m'munda wa nyumba yachifumu ku Versailles, adakonza njira zokhotakhota zokhala ndi akasupe 39, aliyense woonetsa nthano ya Aesop, nyama zake zoumbidwa ndi mtovu, madzi akutuluka m'kamwa mwao ngati zikulankhula. Chinenero chija cha akapolo chidasanduka chokongoletsa munda wa mfumu, ndipo nduna zinkayendamo madzulo popitidwa mphepo. Pambuyo pake, pakati pa 1755 ndi 1759, nthano za La Fontaine zidatuluka m'mabuku anai akuluakulu okhala ndi zithunzi za Jean-Baptiste Oudry, amene adali wojambula za ulenje wa mfumu Louis XV. Nyama za Oudry ndi nyama zenizeni, zojambulidwa mwaluso, m'nkhalango zokongola, zosavala kanthu. Mabukuwo adali a mtengo wapatali, ogula ake olemera okhaokha. Mmbulu wosavala ukamadya mwana wa nkhosa wosavala, woonerera angoti ndi m'mene chilengedwe chiliri, ndipo palibe nduna imene ingadzione pamenepo.

Amene adabwezera zovala pa nyamazi ndi J. J. Grandville, wobadwira ku Nancy mu 1803. Iye adatchuka mu 1829 ndi zithunzi za anthu a mu Paris okhala ndi mitu ya nyama, ndipo atatero adayamba kujambula zonyodola boma la mfumu Louis-Philippe m'nyuzipepala yotchedwa La Caricature. Mu Seputembala 1835 boma lidakhazikitsa lamulo lakuti chithunzi chirichonse chiyambe chavomerezedwa chisanasindikizidwe. Lamuloli lidaopa chithunzi koposa mau, popeza chithunzi chimalankhula ndi munthu wosapita kusukulu, ndipo chimatero m'kuphethira kwa diso. Grandville adasiya nyuzipepala natembenukira ku mabuku. Mu 1838 adajambula nthano za La Fontaine, ndipo pakati pa 1840 ndi 1842 buku la moyo wa nyama, wamseri ndi wapoyera. M'nthano ya nyenje ndi nyerere, nyenje yake ndi woimba wa m'miseu wonyamula gitala, nyerere ndi mai wa pabanja lopeza bwino amene waima pakhomo la nkhokwe yake. Mau a nthano anena za ulesi ndi khama. Chithunzi chinena za amene ali ndi nyumba ndi amene alibe. Gustave Doré, pojambula nthano yomweyo m'zaka za m'ma 1860, adachotseratu tizilombo, naika amai awiri, wina pakhomo pake ndi ana, wina panja m'chisanu atagwira choimbira chake.

Ku Germany, Goethe adalembanso nkhani ya Reynard mu 1794, ndipo mu 1846 idatuluka ndi zithunzi za Wilhelm von Kaulbach. Mkango wa Kaulbach uli ndi chisoti, mpando ndi nduna zouzungulira, monga mfumu iriyonse ya ku Ulaya ya masiku amenewo. Nkhandwe, itaweruzidwa kuti inyongedwe, iima pa makwerero nipeka bodza la chuma chobisika, ndipo mfumu, pomva za golide, iiwala madandaulo onse a nkhuku ndi akalulu. Nkhaniyo itha nkhandwe itakwezedwa kukhala nduna yaikulu. Chofunika kudziwa nchakuti Kaulbach adali wojambula wa kunyumba ya mfumu Ludwig I wa ku Bavaria. Munthu wodya m'mbale ya mfumu ndiye adajambula ufumu ngati bwalo logulika. Kodi kumeneku kudali kulimba mtima, kapena mfumu idadziwa kuti kuseka kosatchula dzina sikugwetsa mpando? Mwina zonse ziwiri nzoona. Nthano imatsegula maso, komanso imatha kukhala ngati kabowo ka pa chivundikiro kamene kamatulutsa nthunzi kuti mphika usaphulike.

Pamene Chithunzi Chitembenukira Ofooka

Kufikira pano tingaganize kuti nthano ya nyama nthawi zonse iri kumbali ya osauka. Sizitero ai. M'kati mwake muli mbeu yoopsa. Munthu wolemera akhoza kusauka, kapolo akhoza kumasulidwa, koma mmbulu subadwanso ngati nkhosa. Wojambula akasandutsa magulu a anthu kukhala mitundu ya nyama, aphunzitsa mosanena kuti kusiyana kwao kudachokera ku chilengedwe, pamene kwenikweni kudapangidwa ndi malamulo, nkhondo ndi malonda a anthu.

Mu 1931, chaka chimene mzinda wa Paris udachititsa chionetsero chachikulu cha maiko olamulidwa ndi France, Jean de Brunhoff adatulutsa buku la ana la njovu yotchedwa Babar. Mlenje atapha mai wake, Babar athawira mumzinda, kumene mai wina wachikulire wolemera ampatsa ndalama. Agula suti yobiriwira, aphunzira kuyenda ndi miyendo iwiri, nabwerera kunkhalango pa galimoto. Mfumu ya njovu itafa ndi bowa woipa, akulu asankha Babar chifukwa adakhala pakati pa anthu. M'zithunzi, njovu zovala zaimirira, zosavala ziri pa miyendo inai. Bukuli ndi lokoma ndipo ana ambiri alikonda. Koma wolemba wa ku Chile, Ariel Dorfman, adaonetsa mu 1983 kuti phunziro la zithunzizo ndi lomwe lija la atsamunda, lakuti woyenera kulamula ndi amene wavala ngati mzungu. Ife amene makolo athu adaona kapitao wa kabudula wa khaki akulamula anthu a msinkhu wa atate ake, phunziro limeneli sitichita kulifunsa.

Pali zoipa kuposa apa. Mu 1937 ku Netherlands, Robert van Genechten, wa chipani chotsata maganizo a Nazi, adalemba Reynard watsopano m'mene adani ndi zipembere zoimira Ayuda, ndipo mu 1943 nkhaniyo idapangidwa kanema wa zojambula. Nkhandwe imene kale inkaseka mafumu idalembedwa ntchito yosaka anthu opanda chitetezo. Mu 1940 kanema wina wa boma la Nazi adafanizira Ayuda ndi makoswe, ndipo ku Rwanda mu 1994 ophedwa adayamba atchedwa mphemvu. Kusiyana kwake ndi zosema za ku Brent Knoll nkoonekeratu. Kumeneko nkhandwe idavala chisoti, ndipo chimene chidatsutsidwa ndi khalidwe la mwini udindo, limene akadatha kulisiya. Kuno chotsutsidwa ndi kubadwa kwa munthu, kumene sangakuvule.

Art Spiegelman, mwana wa Myuda wa ku Poland amene adapulumuka ku Auschwitz, adalimbana ndi vuto limeneli m'buku lake la zithunzi lotchedwa Maus, limene lidatuluka m'zigawo ziwiri mu 1986 ndi 1991 nililandira mphotho ya Pulitzer mu 1992. Ayuda adawajambula ngati mbewa, Ajeremani ngati amphaka, anthu a ku Poland ngati nkhumba. Koma m'kati mwa bukulo mbewa zofuna kubisala zimavala chigoba cha nkhumba, zingwe zake zikuoneka kumbuyo kwa mutu, ndipo wolemba mwini adadzijambula ngati munthu wovala chigoba cha mbewa. Potero adagwiritsa ntchito fanizo la adaniwo nalionetsa kuti ndi chigoba chabe chimene ena adaveka anzao.

Ngakhale nthano yolembedwa kutsutsa nkhanza ikhoza kukokedwa uku ndi uku. Buku la George Orwell, Animal Farm, lidatuluka mu 1945, ndipo lithera pamene nkhumba ndi anthu sakusiyananso. Kanema wa zojambula wa 1954, amene pambuyo pake zidadziwika kuti adalipiridwa mwamseri ndi bungwe la ukazitape la America, CIA, adasintha mathero kuti nyama ziukire nkhumba zokhazo. Mu 2001 nyuzipepala ya Daily News ya ku Zimbabwe idasindikiza bukuli pang'onopang'ono, ndipo wojambula adaveka nkhumba yolamula magalasi akuda mkombero onga a Robert Mugabe. Mau a Orwell sadasinthidwe, koma magalasi awiriwo adakwanira kusamutsa famu ija kuchoka ku England kufika ku Harare.

Mau Otsiriza

Kuona maso a nkhono nkudekha. Amene aphunzitsa ana, osankha mabuku a m'sukulu, ndi onse olalikira ndi mafanizo, ayenera kuphunzira kuwerenga chithunzi monga awerengera mau. Tikatsegula buku la nthano tidzifunse kuti wavala ndani ndipo ali maliseche ndani, waimirira ndani ndipo akukwawa ndani, nanga kuseka kwathu kukugwera wokhala pa mpando kapena wogwada pansi. Tidzifunsenso kuti adalipira wojambula ndani, ndiponso ngati choipa chimene chaonetsedwa chiri m'chovala, chimene munthu angathe kuvula, kapena chaikidwa m'khungu.

Malembo Oyera atipatsa muyeso wa fanizo labwino. Mneneri Natani adasimbira mfumu Davide za munthu wolemera amene adalanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mnansi wake wosauka. Davide adapsa mtima nagamula mlandu, asanadziwe kuti akudziweruza yekha. Fanizolo lidagwira ntchito chifukwa lidafika kwa mwini mphamvu, lidampatsa mpata wodziona, ndipo lidamsiyira khomo la kulapa. Nthano za Aesop zimathera pa kunena kuti dziko liri chomwechi, tsono wofooka achenjere. Mneneri Yesaya, m'mutu 11, adatenga nyama zomwezo, mmbulu ndi mwana wa nkhosa, naziika pamodzi mwamtendere pansi pa mfumu yoweruza osauka mwachilungamo. Edward Hicks, mlaliki wa mpingo wa Quaker ku America amene adamwalira mu 1849, adajambula masomphenya amenewa koposa ka 60, ngati munthu amene sadakhutire kuti wawamvetsa.

Ansembe a ku Ripon adalola nkhandwe yolalikira kukhala pansi pa mipando yao, ndipo iri pomwepo mpaka lero. Aliyense wokonzekera udindo, wa mu Eklezia kapena wa m'dziko, achita bwino kusunga chithunzi chotere pafupi, pakuti nkosavuta kuzindikira mkango wa m'dziko la eni, koma tsiku lina atsekwe adzakhala chete kumvetsera ife.